Tsitsi la Shakira lagwira atalipotera kumanzere

Salaam aleikum nonse.

Lero aphunzitsi a magule amubweza Shakira. Akuti tsitsi likumugwera kumaso povina, azibwera atalimanga mfundo pankhongo. Paja ankamumanga ndi malemu mayi ake.

Ndakhala naye pakhonde kumuonetsa kapesedwe, kapotedwe ndi pomanga kamphira. Wayesayesa, koma limangomasuka. Kenako wati, "Anti, amama sankapotera uko." Wapotera kumanzere, lagwira nthawi yomweyo. Ine ndinaiwala kuti achemwali anali amanzere, koma manja a mwanayu sanaiwale. Ndathawira kubafa kuti asandione ndikulira.

Loweruka akavina kusukulu, pamene sadaka ya arubaini, ya masiku makumi anayi chimwalirireni mayi ake, sitinachite. Mwanayo akuti nsalu yovinira anamusokera ndi amayi ake, sanaivalepo. Amjomba, timulole apite, kapena adikire?