Akanangotiuza kuti sitima sibwera

Amuna anga atadwala sitiroko anawagoneka m'chipatala ku Leicester. Ife tinkakhala ku Loughborough, komwe ndimakolopa m'nyumba zogona ana a ku yunivesite. Matendawo anawasintha. Anamwino akabwera ndi chakudya ankatseka pakamwa, koma ine ndikagwira supuni ankadya. Choncho ndikaweruka m'mawa ndinkaphika phala la nsinjiro, n'kuliika m'fulasiki, n'kuthamangira sitima kuti ndikawapeze ali maso. Masana mankhwala ankawagonetsa, ndipo madzulo ine ndinkayenera kubwerera kuntchito.

Sitima ikayenda bwino ulendowo ndi waufupi. Koma masiku ambiri chikwangwani cha pa siteshoni chinkalemba kuti yachedwa pang'ono. Tidikire, chiwonjezere mphindi. Tidikirenso, chiwonjezerenso. Kenako mawu a mayi wina pa chimkuzamawu, akuti sitima ija sibweranso, pepani. Apo n'kuti basi itapita kale, ndipo yotsatira imazungulira m'midzi. Ndinkafika amuna anga atagona, mbale yawo itachotsedwa osaikhudza.

Poyamba ndinkamumvera chisoni mayi wa pa chimkuzamawuyo, kupepesa tsiku lonse. Anandiseka ndi mnzanga wa ku Zambia, yemwe amasamalira okalamba ku Spinney Hill, dera la ku Leicester komweko.

"Amayi, mulibe munthu mmenemo, ndi makina. Angapepese mpaka tsiku lachiweruzo, pakhosi sipangaume."

Amuna anga anamwalira nyengo yozizira isanathe. Sindinena kuti inawapha ndi sitima, madokotala anali atandiuza kale. Koma m'masabata awo omaliza muli masiku amene anagona ndi njala, ine nditaima pa pulatifomu phala lili m'chikwama.

Pamaliro anthu a kumpingo anachokera ku Derby ndi ku Nottingham, n'kudzakhala nane pansi pa kapeti. Kwathu wopepesa amabwera ndi miyendo yake, umamuona nkhope. Mwina n'chifukwa chake ndikafika pa siteshoni mawu aja ankandibaya.

Tsiku lina mnzanga uja anamva kuti mabwana a kampani ya sitima adzakhala pa siteshoni ya Leicester kumva madandaulo a okwera.

"Tiyeni," anatero. "Chizungu chikakuthawani ndikugwirirani mchira."

Tinapeza tebulo ndi mzere wa anthu, ena akukalipa. Bwana amene tinafikira anali wa imvi, maso otopa. Anayamba kundifotokozera zobweza ndalama za tikiti. Ndinati sindinabwerere zimenezo, ndili ndi funso limodzi.

"Sitima ikakhala kuti sibwera, inu mumadziwa nthawi yanji?"

Sanabise. Anati nthawi zina amadziwiratu kuti woyendetsa palibe, koma amalemba kuti yachedwa poyembekeza kuti apeza wina.

"Ndiye mumayembekezera ndi nthawi yathu," ndinatero. "Bwanji osatiuza, tikakwere basi?"

Apa Chizungu chinandithawadi. Za phala ndi za supuni ndinazinena m'Chichewa, mnzanga akumasulira. Bamboyo anadzuka, n'kutulutsa mpando wake kuseri kwa tebulo kuti ndikhalepo, iye n'kunjuta pambali panga anthu onse akuona. Anapepesa akundiyang'ana. Anati sangandinamize kuti sitima zisiya kulephera, koma zowauza anthu msanga akazinena kwa akuluakulu anzake.

Tikutuluka mnzanga anandikodola. "Awa ndiye si makina. Mwaona thukuta lija?"

Ndinaseka, koyamba chimwalirireni amuna anga.

Masiku ano ndimakwerabe sitima yomweyo Loweruka, kupita kumanda. Imalepherabe. Ngati mawu anga anakafika kumene bamboyo ananena, sindikudziwa. Koma mwezi watha chikwangwani chitangolemba kuti yachedwa, wantchito wa pa siteshoni anayenda pulatifomu yonse akuuza munthu aliyense kuti musadikire, iyi mwina sibwera, basi ikadalipo.

Ine kumene ndimapita kulibe wondidikira ndi njala, komabe ndinafulumira nawo. M'basimo ndinakhala ndi mtsikana wina wovala yunifomu ya unamwino. Anaimba foni kuwodi yake, akupumira m'mwamba, kuwauza kuti asadandaule, afika nthawi yabwino.