Mboni ya mkulu wa mpingo wodzandira

Mkulu wa mpingo wa m'komboni mwathu amayenda modzandira ngati akuchokera kumowa, koma mowa sanaulawepo. Jakisoni wa chifuwa chachikulu amene anawabaya kuchipatala cha pamgodi ndiye anawagonthetsa khutu limodzi n'kuwasiyira chizungulire. Ana akawaseka, amangoti, "Yaledzera ndi miyendo, mutu uli bwinobwino."

Chaka chatha anapita kukhoti m'tauni ya Bindura kukasumira kampani ya mgodi kuti iwapatse chipukuta misozi. Loya wa kampaniyo anati vuto si mankhwala, ndi mowa. Tonse tinkayesa kuti mboni ya akuluwo akhala abusa, koma iwo anaitana mayi wophika mowa woletsedwa wa chikokiyana, mdani wawo weniweni.

Mayiyo anaima manja ali m'chiuno, osasamala n'komwe kuti apolisi akumva. "Awawa? Lamulungu lililonse amaima pakhomo panga n'kumandibalalitsira anthu ndi nyimbo zawo. Akanamwako ngakhale kamodzi, ndikanalengeza m'komboni monse!"

Loya uja anakhala pansi, ndipo mlandu unawakomera akuluwo. Lamulungu lotsatira anali pakhomo pa mayi yemweyo, akudzandira, akuimba mokweza kuposa kale.