Pulinta ndi Matumba a Feteleza

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kutchalitchi. Ndinali nditangomaliza Fomu 3, ndipo makolo anga anali matenanti pa esiteti ina ya fodya ku Kaomba. Bambo anali atanena kale kuti tchuthi chikayamba ndipite ndikathandize kupalira. Ndinkadziwa kuti mtsikana akalowa m'munda wa bwana, kawirikawiri m'kalasi sabwereramonso.

Mayi Chisale a mumpingo mwathu ankatayipira anthu makalata ndi mapologalamu kunyumba kwawo, paboma pa Kasungu. Nditawadandaulira, anati, "Uzigona kwathu, sukulu ikatsegulira uzichokera pompano. Koma ukandiwonongera zinthu, njira ya ku Kaomba ukuidziwa."

Pulinta yawo inali ya inki. Ikangokhala masiku angapo osagwira ntchito, inki inkauma, zilembo n'kumatuluka zodukaduka. Atatopa nayo anandiuza kuti ndisankhe ina, poti ndine ndinkaphunzira kompyuta kusukulu. Ndinapita kwa aphunzitsi anga kukafunsa nzeru. Iwo anati ndisakopeke ndi maonekedwe. Ndipeze ya leza, chifukwa inki yake, yotchedwa tona, ndi ufa, siuma. Kumbuyo ikhale ndi polowetsa waya wa netiweki, kuti kompyuta ya mayi Chisale ya pabalaza ndi ina yomwe ndinkatayipira ine zizitumiza ntchito pa pulinta imodzi. Ndipo ndisanalipire ndifunse ngati tona yake imapezeka m'sitolo za pa Kasungu pomwepo. Zonsezi ndinazitsata, pulinta n'kugulidwa. Masabata oyamba inkatulutsa mapepala otentha, zilembo zakuda bii, ine n'kumayenda mapewa m'mwamba.

Pulintayo tinaiika m'chipinda chokhacho chomwe chinali ndi zitsulo pawindo ndi loko wodalirika. Makuponi atabwera, mayi anagula feteleza wawo, ndipo abale awo a ku Wimbe anabweretsanso wawo kuti asungitse, poopa akuba. Matumba onse analowa m'chipinda chomwecho, kutsamira mapaketi a mapepala. Mvula inayamba kugwa mosalekeza. Pansi pa matumba pankanyowa ngati akutuluka thukuta, koma palibe amene anaganizapo kanthu.

Tsiku lina m'mawa panja panaima lole. Kumbuyo kwake kunali bokosi la maliro, ndi amayi atadzifunditsa lona, akuimba. Munatsika bambo wina wachikulire, a Mwale. Akazi awo anali atamwalira kuchipatala, ndipo ankapita nawo kwawo ku Kapelula. Ankafuna mapologalamu a mwambo wa maliro okhala ndi mbiri ya malemu ndi nyimbo zomwe ankazikonda.

Ndinatayipa mwachangu n'kutumiza. Pepala loyamba linatuluka litapindika ngati tsamba. Lachiwiri linakodwa. Kagetsi kofiira kanayaka, ndipo pamwamba panatuluka kautsi koyera. Ndinatsegula kachitseko kakutsogolo ka pulinta, kuchotsa katiriji ya tona, kukoka pepala pang'onopang'ono monga momwe anandiphunzitsira. Linang'ambika, zilembo n'kutsalira m'zala zanga. Ndinayesanso, chimodzimodzi.

"Iwe Agnesi, wandigulira pulinta kapena mbaula?" anatero mayi Chisale ali pakhomo. "Ya inki ija inkachedwa, koma sinkafuka."

Ndinazimitsa, kuyatsanso, kuzula waya wa netiweki n'kulumikizanso, ngakhale ndinkadziwa kuti wayayo analibe mlandu. M'maganizo ndinali nditafika kale ku Kaomba, khasu lili m'manja, yunifolomu yanga akuvala mng'ono wanga.

A Mwale anasuzumira pawindo, chipewa chili pachifuwa. Sanakalipe. Anangoti, "Mwananga, mayi ako m'bokosimo akudikira pamvula."

Ndinagwada kuti nditenge mapepala ena m'paketi, misozi ili chuchuchu. Nditawagwira, zala zanga zinazindikira chinthu chomwe mutu unali usanachiganize. Anali ofewa ndi ozizira, ngati fodya wa m'mamawa amene tinkasankha m'chigafa chinyontho chisanachoke, uja umapinda osaphwanyika. Pepala louma limalira ukaligwedeza. Awa anali zii. Anali atamwa chinyontho cha pamatumba paja, ndipo pulinta ya leza imamatira tona ndi kutentha. Chomwe tinkachiyesa utsi chinali nthunzi.

"Mayi, ayironi ya makala ili kuti?"

"Ukufuna kusita pa nthawi ya maliro?"

"Mapepala, mayi. Anyowa."

Anathamangira kukhitchini. Tinayala chitenje patebulo la pabalaza. Iwo ankasita pepala limodzilimodzi, ine n'kumalilowetsa ndi dzanja pakatileyi kakang'ono kolowetsera mapepala kakutsogolo kwa pulinta. Loyamba linatuluka lowongoka, dzina la malemu likuwerengeka bwinobwino. Tinapitiriza mpaka onse anakwana. A Mwale anawabisa m'jekete, anawomba m'manja mwaulemu, lole n'kunyamuka.

Ndinatsala ndikudikira mawu a njira ya ku Kaomba. Mayi Chisale anaima pakati pa chipinda, manja m'chiuno, kuyang'ana matumba, kuyang'ana pulinta.

"Gwira uko," anatero. "Feteleza akagone kuchipinda kwanga. Wakuba akabwera, ayambe wandidzutsa ine."

Sukulu itatsegulira ndinalowa Fomu 4 ndikuchokera panyumba pomwepo. Mpaka lero munthu akandifunsa pulinta yabwino yapakhomo, ndimamuuza za tona ndi waya monga anandiuzira aphunzitsi. Kenako ndimamufunsa kuti m'chipinda chomwe akufuna kuiikamo mumagonanso chiyani.