Makutu a Che Jamali

Ku Liwonde, mukangodumpha njanji, funsani kwa Che Jamali osema zitsulo. Koma funsani anthu ena. Eni akewo mungotaya malovu, makutu awo anapuma pantchito kalekale, ngakhale iwo mpaka lero sanavomere.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli chisakasa cha malata, ndipo m'menemo muli makina opalira chitsulo, okalamba kuposa eni ake. Zitsulo amasanja ngati mankhwala a kuchipatala. Masipuling'i a lole amakhala pansi, amenewo ndi a mipeni ndi nkhwangwa. Mkuwa uli m'chitini. Maekiselo a galimoto atsamira khoma, onse opakidwa oyilo wakuda kuti dzimbiri lisalawe.

Dzina lawo linamveka chifukwa cha kusankha. Akafika ku Balaka kwa Che Bakari, ogulitsa zitsulo zakutha, ankapachika chitsulo pa waya n'kuchigogoda ndi kahamala. Chitsulo chamoyo chimalira nthawi yaitali, ngweee. Chokhala ndi mng'alu mkati chimangoti kho, ngati munthu woyankha moni ali ndi mangawa.

Makutu atatseka, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, akazi awo a Ramla, amene tonse tinkawatchula Abiti Sadiki, anayamba kuwaperekeza ku Balaka. Ati kukagula tomato. Tomato wa ku Balaka, ngati ku Liwonde anatha. Ankaima ndi dengu lawo pafupi ndi mgolo wamadzi. Chitsulo chikalira bwino, Abiti ankakonza mpango kumutu. Chikati kho, ankayang'ana kumsewu. Che Jamali ankapendeketsa mutu ngati akumvetsera za kumwamba, diso lili pa mpango.

Abiti anadwala sabata imodzi yokha, mwezi wa Malichi. Che Jamali anaika maliro, analandira anthu, anagwedeza mutu kwa aliyense amene milomo yake inkayenda. Sadaka ya masiku makumi anayi itatha, m'mawa uliwonse ankatsegula chisakasa, kupukuta makina, kutsekanso. Tiyi ankamukumbukira atazizira, n'kumwa choncho.

Kenako kunabwera a Lyford, eni chigayo ku Kalembo, atanyamula shafuti, chitsulo chozunguza chigayocho, yoduka pakati. Anaika zidutswa ziwirizo pakhonde.

"Amayi akuyenda mtunda ndi chimanga kumutu, madala," anakuwa. "Amisiri ena ndawakana, ndati koma kwa inu."

Che Jamali anayeza ndi zala. M'chisakasa munalibe ekiselo yonenepa chotero. Ndipo shafuti ya mng'alu ikaduka chigayo chili paliwiro, imapita ndi dzanja la munthu, dzina la mmisiri n'kutsatira pambuyo.

Che Jamali anakwera minibasi ya ku Balaka. Pampando wa pambali pawo panakhala mayi wina wa nkhuku ziwiri.

"Makutu a boma lonse afika," anatero Che Bakari, osadzuka pa tayala lomwe amakhalira. "Bisani zong'aluka."

Anawatulutsira maekiselo atatu a lole. Che Jamali anapachika yoyamba, n'kugogoda. Waya ananjenjemera, basi. Maso awo anapita okha pa mgolo paja. Panali mgolo wokha. Anagogoda yachiwiri. Chimodzimodzi. Anaima ndi kahamala m'manja nthawi yaitali, osaganiza kanthu, dzuwa likuwotcha pakhosi. Kubwerera kunali kutali, kusankha kunalinso kutali.

Anapachika yachitatu poti inali itatsala. Atagogoda, anaona Che Bakari akukweza dzanja, kukonza kofiya yawo pang'onopang'ono, maso ali pa zikhadabo zakuphazi.

Che Jamali anabwezera yoyamba pa waya, n'kumenya. Che Bakari anayang'ana kumsewu, kumene kunalibe ngakhale njinga. Yachitatu kachiwiri: kofiya inakonzedwanso, chonsecho inali itakhala bwino kale.

Zaka khumi ndi ziwiri zonse zija, Che Bakari akuonerera tomato akugulidwa, za mpango uja akuzidziwa.

"Iyi," anatero Che Jamali.

"Khutu lanu silikalamba, achimwene," anakuwa Che Bakari.

"Kofiya yanuyo ikukuvutani. Ndi yaikulu."

"Iyayi, ndaizolowera. Mukabweranso mudzaipeza yomweyi."

Che Jamali sanaseke, sanathokoze. Anakulunga ekiselo m'saka, n'kupita kukadikira minibasi. Kunyumba anaipala masiku atatu, tizidutswa ta chitsulo tikugwa mopotanapotana pamapazi awo. Chitini cha mkuwa anachipeza chatsala pang'ono kutha, ndiye analemba ndi choko pachitseko: Balaka, Lachiwiri.

Chigayo cha ku Kalembo chikuyenda mpaka lero. Anthu amati phokoso lake limafika kumsewu waukulu. Akawauza, Che Jamali amapendeketsa mutu, n'kuvomereza kuti inde, likumveka bwino.