Kaseti ya alamu yomwe ndinkayesa ndaiwononga

Alamu anga, lero mwana wandipezera pafoni nyimbo zanu zija, ndipo ndaseka mpaka misozi. Ndakumbukira m'zaka za m'ma 90, mutabwera ku Chipata kuchokera ku Chiparamba kumene munkaphunzitsa, n'kundisiyira kaseti yanu yapamtima kuti ndizimvera ndikusoka. Zinali nyimbo zazifupi zotsatizana, mayi mmodzi akuimba ndi chigulu cha zoimbira. Koma mawu ake ankakwera n'kutsika ngati wasochera, malipenga ndi mavayolini chilichonse njira yake. Mtima unangoti phaa, ndati ndawononga kaseti ya eni! Ndinasintha mabatire, ndinapukuta wailesi ndi thonje la sipiriti, ndinapota tepi ndi bolopeni, koma osasintha.

Mutabweranso ndinakubwezerani kaseti yanu ija. Munamvera pang'ono, kenako munaseka mpaka kutsamira mashini anga. Munati, "Mlamu, zimalira chonchi! Kwawo ku Ulaya komweko, tsiku loyamba kuziimba anthu anakuwiza mpaka kumenyana muholo. Bola iwe, wangopukuta wailesi." Tinamvera limodzi mpaka kumapeto, inu mukugwedeza mutu.

Lero ndayamba ndaonetsetsa kuti foni ili ndi moto wodzaza. Zikulirabe chimodzimodzi, alamu. Pumulani mumtendere.