Mzere wa Pachipumi

Achimwene anga anayamba kumeta anthu ine ndili kusukulu ya pulaimale, ndipo sindinawaonepo akugwira ntchito ina. Ankametera m'kachipinda kothithikana pakati pa golosale ndi wokonza mafoni. Munali mipando iwiri, galasi long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi fungo la sipiriti limene linkawatsatira mpaka kunyumba. Mpando winawo unali wa mnzawo, bambo wamtali woumira mawu, amene tonse timangowatcha a Chete.

Kugwetsa tsitsi achimwene sankakuyesa ntchito. Ankati zimenezo ngakhale mbuzi ikhoza kuchita mutaipatsa makina. Ntchito kwa iwo inali mzere, uja wometa amadula pomaliza, kuyambira pachipumi, kutsika m'mbali, kuzungulira khutu mpaka kunkhongo, kenako mbali inayo. Akafika pamenepo ankasiya nkhani pakati, kumugwira munthu chibwano ndi zala ziwiri, mpweya osatulutsa mpaka atamaliza. Anthu ankalolera kuuma pabenchi, mpando wa a Chete uli wopanda munthu, kudikira mzere umenewo.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina akuvala nsapato anangogwera kumbali, ndipo kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka, pakamwa panapotoka. Akazi awo anamwalira kalekale, ana ali kutali ndi ntchito, ndiye atatuluka m'chipatala anabwera kwathu. Kusamba ankawasambitsa ndi bambo a kunyumba kwathu, zotsalazo zinali zanga: kuchapa zofunda, kuwadyetsa, kuwakweza basi kupita kumafizo, kokalimbitsa ziwalo kuchipatala, kenako kuthamangira kumsika komwe ndimagulitsa zovala. Sindinama, ndinatopa. Masiku ena ndinkakhala m'bafa osasamba, kungofuna malo oti munthu asandiitane.

Mayi amene ankawachititsa mafizo anali wansangala mopitirira muyezo. Chilichonse chimene achimwene achita, iye kuomba m'manja. Tsiku limene anayenda kuchoka pabedi kukafika pachitseko osagwira khoma, mayiyo anachita kuitana anzake kuti adzaone.

"Bambo, mukudziona koma? Mwezi watha simunkaima n'komwe!"

"Mayi, ine sindimeta ndi miyendo," anatero achimwene.

Ndinafuna kuwatsina. Munthu wakuvutikira chotero, iwe n'kumuyankha choncho! Koma achimwene ndi mmene alili. Anayamba kudya okha, kumanga mabatani okha, mawu anabwerera moti anayambanso kundinena kuti ndimawawitsa mchere. Aliyense wobwera kudzawaona ankathokoza Mulungu. Iwo ankangoyang'ana dzanja lawo lamanja lili pabondo, ngati mwana amene wawachititsa manyazi pamaso pa alendo.

Kenako anaitanitsa makina awo kuchokera kuntchito, ndipo tsoka linagwera amuna anga.

"Alamu, mutu wanuwu ndi wa banja. Khalani apa."

Bambo a kunyumba kwathu ndi munthu wosadziwa kukana. Anakhala pampando wa kukhitchini, pakhonde, atafunda chitenje changa chakale. Ulendo woyamba makina anagwa asanakhudze n'komwe tsitsi. Wachiwiri anakhudza, ndipo mutu unatuluka ngati munda umene mwalowa ng'ombe. Amuna anga anagula chipewa, n'kumachivala kuntchito ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anzawo ankawafunsa ngati alowa mpingo watsopano.

Achimwene sankaseka nawo. Iwo ankayeza chinthu chimodzi basi, malo amene dzanja layambira kunjenjemera. Poyamba linkayamba pakati penipeni pachipumi. Patapita nthawi linkapirira mpaka m'mbali. Akamaliza ankaloza ndi chala pamutu pa alamu awo n'kunena kuti, "Lero apa," ndipo tsiku lonselo nkhope yawo inkatengera pamene chalacho chaloza. Vuto linali lakuti tsitsi silimera tsiku limodzi. Pakudya ankayang'anitsitsa mutu wa amuna anga ngati mlimi woyendera mbewu, mpaka mwini mutu chakudya osachimva kukoma.

Ine ndinawauzapo kuti ayese dzanja lamanzere, poti ndi limene ankachitira zina zonse. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti akwatire mkazi wa mwini.

Miyezi yonseyi a Chete ankasunga mpando wa achimwene kuntchito kuja. Ankaupukuta m'mawa uliwonse, osalola munthu kuikapo ngakhale chikwama. Koma madzulo ena anabwera kwathu, n'kukhala nthawi yaitali akutembenuza kapu ya tiyi m'manja asanatsegule pakamwa.

"Akulu, ndekha sindikukwanitsa. Anthu akubwerera pakhomo. Pali bambo wina wometa, ali ndi banja, malo ake anawagwetsa. Wakhala akundipempha mpandowo. Ine ndamuuza kuti uli ndi mwini wake. Bwerani Loweruka mudzayese. Mukakhala, mwakhala. Mukakana, ndimupatsa."

Kwa a Chete amenewo anali mawu a chaka chathunthu.

Loweruka ndinatseka benchi yanga kumsika n'kuwaperekeza. Ndinawasitira malaya oyera. Mumtima ndinkapemphera zinthu ziwiri, ndipo chachiwiricho sindichita nacho manyazi: kuti achimwene abwerere pantchito yawo, ndi kuti ine ndipumeko.

Mbiri inali itamveka kale, kachipinda kaja kanadzaza. Woyamba kukhala pampando anali dalaivala wa lole, bambo wonenepa amene achimwene akhala akumumeta kuyambira ali ndi tsitsi lakuda lokhalokha. Anati wakhala akuyenda ngati chitsamba podikira tsikuli, ndipo akadulidwa khutu ali nalo lina.

Tsitsi linagwa bwinobwino, nkhani zikuyenda. Kenako achimwene anakhala chete, n'kumugwira dalaivala uja chibwano. Wailesi a Chete anaitseka. Makina anayenda pachipumi, anatsika m'mbali, anazungulira khutu lamanja, anadutsa kunkhongo. Ine ndinali nditaluma chala. Pokwera mbali inayo ndinaona phewa lawo likulimba, thukuta likutsika m'khosi, koma anamaliza.

Anthu anaomba m'manja, wokonza mafoni anaimba likhweru pakhomo. Dalaivala anatembenuza mutu uku ndi uku pagalasi, akumwetulira mano onse panja.

"Ndi yemweyu! Akazi anga lero sandizindikira!"

Achimwene anazimitsa makina. Anapinda khutu lamanzere la bamboyo n'kuyang'ana kuseri kwake nthawi yaitali. Atatero anamuchotsa nsalu, kumupukuta m'khosi, kumupaka sipiriti. Anatsuka makina ndi kaburashi, kuthira mafuta, kukulunga chingwe, n'kuwaika m'thumba lawo.

"Muuzeni bambo wofuna mpando uja abwere Lolemba," anauza a Chete.

"Achimwene!" ndinakuwa anthu onse akumva. "Mwapenga? Munthu wakondwa uyu!"

"Mzere wakhota kuseri kwa khutu."

"Ndani amayenda akupinda makutu a anthu mumsewu? Palibe amene akuona!"

"Ine ndaona, chemwali. Munthu akakhala pampando uwu amabwerera mzere wanga. Uwu si wanga."

Dalaivala anayesa kuwanyengerera, a Chete anangoyang'ana pansi. Achimwene anagwirana chanza ndi aliyense, ndi dzanja lamanja lomwelo, n'kutenga ndodo yawo.

Panjira ndinawasiya m'mbuyo. Ndinkayenda patsogolo, ndikuwerengera mumtima zofunda zimene zikundidikira, mabasi a kumafizo, ndi mutu wa amuna anga. Ndinakwiya, ndipo ndinawamvera chisoni, ndipo zonse ziwiri zinkandilemera mofanana. Kumbuyo ndinkangomva ndodo, ndi nsapato yakumanja ikukhula pansi.

Pamalo okwerera basi anakhala pakhoma la simenti, akupuma movutikira, thumba la makina lili pamiyendo. Ndinaganiza kuti alira. M'malo mwake anandikoka mkono kuti ndiwerame, ngati pali chinsinsi.

"Chemwali, unaona koma?"

"Ndinaona munthu akutaya ntchito yake."

"Ayi, dzanjali." Anakweza chala n'kudzigwira kuseri kwa khutu lamanzere. "Kunjenjemera linayambira apa. Mutu wonse lazungulira, lafika mpaka khutu lachiwiri. Silinafikepo pamenepa chidwalireni."

Maso awo ankawala ngati a mwana. Ndinatembenukira kumsewu kuti asandione nkhope, ndipo basi itabwera ndinawanyamulira thumba lija.