Nkhope ya Alamu Anga pa Chiboliboli

Achemwali anga ndi ine timagwira ntchito malo amodzi, kochapira mashiti ndi makatani a m'mahositelo a pa yunivesite. Iwo ndi a pa simbi, ine ndine wa pa makina. Achemwaliwo ndi munthu wosayankhulayankhula, pakamwa ponse pa banja lathu Mulungu anapatsa ine. Tikatsika minibasi m'mawa, njira yachidule ndi ya kumbuyo, pa geti laling'ono loyandikana ndi khitchini, koma achemwali sankaidziwa n'komwe. Ankazungulira ku geti lalikulu, kukwera masitepe a ku laibulale, n'kukaima pa chiboliboli cha Kapitawo. Pamenepo ankatulutsa kansalu m'chikwama, kuponda pa mwala wa pansi pake, n'kupukuta nkhope yonse: mchere wa mphepo ya kunyanja, fumbi, ndi zimene mbalame zasiya. Ine ndinkawadikira pansi ndikudandaula kuti tichedwa.

Chibolibolicho ndi cha simenti, chachitali kuposa munthu, ndipo chimayang'ana ku doko. Munthuyo wavala jekete lofika m'mawondo, m'dzanja muli ndodo. Pa kachitsulo ka pansi analembapo kuti iyeyu ndiye anayang'anira ntchito yomanga khoma lotchinga nyanja, agogo athu asanabadwe. Ana a sukulu ankamusisita nsapato akamapita ku mayeso, mpaka nsapatoyo inasalala. Tsiku lolandira madigiri ankamuveka chipewa chawo cha makona chija n'kujambulitsa naye.

Chimene anawo sankadziwa n'chakuti Kapitawo weniweni palibe amene ali ndi chithunzi chake. Pamene yunivesite inafuna chiboliboli, mmisiri wake anasowa nkhope. Anatsikira ku doko, nayamba kuyang'ana anthu ngati wogula mbuzi, mpaka anapeza alamu anga, amuna a achemwali, amene ankamangirira zingwe za sitima. Anzawo ankangowatchula kuti Chingwe. Anawakhazika pa bokosi masana angapo, nawauza kuti asaseke. Alamu anali ndi chipsera pamwamba pa nsidze, pomwe chingwe chinawamenya chitaduka, ndipo mmisiriyo anachiika chomwecho.

"Ine kapitawo?" ankatero alamu, misozi ili chuchuchu ndi kuseka. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikukalipiridwa ndi akapitawo, lero andipatsa ndodo!"

Alamu anamwalira ndi chifuwa, nakaikidwa kwawo, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, cha pa ukwati. Chaka chimene namondwe analowetsa nyanja m'nyumba zathu, chithunzicho chinagona m'madzi, ndipo atachiyanika kunatsala suti ndi diresi, nkhope zitasungunuka. Kuyambira pamenepo, achemwali akafuna kuona amuna awo, ankakwera masitepe a ku laibulale.

Mavuto anayamba pamene mphunzitsi wina wa mbiri yakale anafukula nkhani yoti Kapitawo uja sanali munthu wabwino. Akuti anthu omanga khomalo ankawagwira m'midzi mokakamiza, ambiri anafera pomwepo, ndipo ndodo ija sinali yoyendera. Ana a sukulu zinawapsetsa mtima, ndipo ine sindikuwanena, mlandu suwola. Koma Lolemba lina titafika tinapeza nkhope yonse ili psuu ndi penti yofiira, pakhosi atapachikapo katoni yolembedwa kuti "Wakupha".

Achemwali anaima kakasi. Kenaka anatulutsa kansalu kaja, naponda pa mwala, nayamba kupukuta, ngati kuti penti imachoka ndi kansalu kouma.

"Mayi, tsikani pamenepo!" Anali mtsikana wina woonda, wa chimkuzamawu m'manja, amene ankatsogolera anzake. "Mukupukuta munthu amene anapha makolo athu?"

"Awa ndi amuna anga," anatero achemwali, osacheuka.

Mtsikanayo anayang'ana anzake, anzakewo anayang'ana ine. Wina anafunsa chapansipansi ngati mayiwa mutu ukuyenda bwino, poti Kapitawo anafa kalekale. Mnyamata wina wa magalasi anati mwina ndi mdzukulu wake, ndiye n'chifukwa chake akumuikira kumbuyo. Apo ine mtima unandikwera.

"Mdzukulu wa ndani, iwe? Amenewa makolo awo ndi omwe ankasenza miyala! Nkhopeyi ndi ya alamu anga, jekete ndilo la Kapitawo wanuyo."

"Ndiye kuti alamu anuwo anali kapitawo?"

"Ayi!"

"Nanga akutani m'jekete la kapitawo?"

Belu linalira, anawo anabalalika kupita m'makalasi, aliyense ndi nkhani yake.

Masiku otsatirawo achemwali sanali iwo. Munthu amene sanapserezepo chovala cha mwini chiyambire ntchito, anasiya simbi pa shiti mpaka fungo linafika kwa bwana wathu. Pa nthawi yopuma ankangokhala pa ndowa yovundikira, manja ali pa maondo.

"Kodi iwe," anandifunsa tsiku lina, "anthuwa akudana ndi ndani kwenikweni?"

"Ndi Kapitawo, achemwali."

"Nanga penti anapaka ndani?"

"Chiboliboli."

"Ukunama. Anapaka pa chipsera penipeni. Akamamutukwana mtima umandiwawa. Koma akamanena zimene anachita ndimachita manyazi, ngati ndinkamuphikira ndine. Dzulo ndinapezeka ndikumufunsa kuti bambo, zimenezi munachitadi?"

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mantha. Ndinawauza kuti simenti siyankha, ndipo asayambe kundichititsa manyazi pa ntchito. Chilungamo chake n'chakuti nanenso mutu unali utaima. Ndikayesa kukumbukira alamu ali pa khonde akusoka nsapato, amene ankabwera m'maso mwanga anali wotuwa, wosaseka, wa jekete.

Akuluakulu a yunivesite anaitanitsa msonkhano mu holo yaikulu kuti anthu anene maganizo awo: chigwetsedwe kapena chisiyidwe. Achemwali anasita diresi lawo la kutchalitchi nati akupita. Ndinawatsatira, chifukwa ndinkadziwa kuti pakafunika kukuwa adzasowa wokuwa. Tinakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Anayankhula aphunzitsi, anayankhula ana a sukulu, wina anawerenga ndakatulo yaitali mpaka wapampando anamuonetsa wotchi. Kenaka ndinangoona achemwali aimirira, dzanja lili m'mwamba ngati mwana wa sitandade wani.

Anayankhula bwino, ndinadabwa. Anafotokoza za mmisiri, za bokosi, za chingwe chimene chinaduka, za chithunzi chimene chinasungunuka. Pomaliza anati, "Ine za Kapitawo sindikuzidziwa. Ngati analakwa, analakwadi. Koma nkhope ija musandiphwanyire, ndilibenso ina."

Wapampando, bambo wa imvi waulemu wake, anakonza magalasi.

"Zikomo mayi, nkhani yanu yatikhudza. Koma paja amati kutsutsa galu n'kukumba. Mmisiriyo anamwalira. Muli ndi umboni uliwonse, kaya chithunzi, woti nkhopeyo ndi ya amuna anu?"

"Umboni wake ndi chiboliboli chomwecho, bambo. Mukachiyang'ane, muona kuti ndi iwowo."

Ena anaseka, osati monyoza, koma kuseka kwa munthu amene wasowa pogwira. Tisanapume n'komwe, kutsogolo kunaimirira bambo wina wonenepa, mwini sitolo ya zitsulo m'tauni, nati iye ndi mdzukulu weniweni wa Kapitawo, ndipo mphuno ya pa chibolibolicho ndi ya ku banja kwawo. Anatembenuka cham'mbali kuti tonse tione mphunoyo. Ine ndinakuwa kuti mphuno yotero ili pa munthu aliyense mu minibasi, ndipo mlonda anabwera kudzandipempha kuti ndikhale pansi. Koma ndisaname, mphunoyo inkafananako, ndipo ndinaona achemwali akuiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

Amene anatseka nkhani anali mayi wina wophunzitsa zojambulajambula, wa mikanda yambiri m'khosi. Anayankhula ndi mawu akuluakulu a m'mabuku, akuloza achemwali mobwerezabwereza n'kumati mayi awa atitsegula maso. Ife kumbuyo kuja tinangotolapo mawu amodzi, akuti chiboliboli sichigwetsedwa. Holo inaphulika ndi m'manja. Achemwali anaomba nawo, ine ndinaimba ndi nthungululu yomwe.

Panja tinakumana ndi mtsikana wa chimkuzamawu uja. Anagwira achemwali dzanja ndi manja awiri.

"Mayi, pepani za tsiku lija. Mwatithandiza kwambiri. Tsopano chikhala chikumbutso cha anthu onse amene anamanga khoma lija, amene maina awo sadziwika. Achotsa ndodo, achotsa kachitsulo, nkhope aisalaza."

"Aisalaza bwanji?" ndinafunsa.

"Aipala. Pasakhale nkhope ya munthu mmodzi. Paja mwanena nokha kuti si ya Kapitawo, bambo aja akuti ndi ya kwawo, ndiye aona kuti ikangochoka palibe wokangana. Ikhala ya ogwira ntchito onse."

"Koma wogwira ntchitoyo ndi nkhopeyo!"

Ndinaona kuti mtsikanayo nayenso mutu wamuzungulira, ndipo ndinamumvera chisoni pang'ono. Anati akayesa kuyankhula ndi akuluakulu, ndipo anayesadi, koma anamuuza kuti nkhani yagamulidwa ndipo aliyense anaomba m'manja, ngakhale mayiwo.

Anabwera Loweruka m'mawa, amuna awiri ndi makwerero ndi makina opalira simenti. Achemwali anaumirira kuti tikhalepo. Ndodo anaidula msanga. Atafika pa nkhope, makinawo analira mokweza, fumbi lofiira kenaka lotuwa linayamba kutsika, kugwera pa masitepe, pa maluwa, pa mpango wa achemwali. Anayambira pa mphumi. Ine ndinayang'ana ku doko, komwe sitima ina inkalowa, chifukwa sindikanatha kuonerera. Pamene ndinkacheuka, pamwamba pa kolala panali chinthu chosalala ngati dzira. Jekete la Kapitawo linatsala, nsapato za Kapitawo zinatsala. Chimene chinachoka ndi chokhacho chimene chinali cha munthu wa zingwe.

Achemwali sanalire. Anakung'untha mpango, kenaka anaoneka ngati adandaula kuti aukung'unthiranji, naupinda bwinobwino n'kuuika m'chikwama.

Patapita masiku, mtsikana uja anatipeza kochapira. Anali atapempha anzake ndi ena amene anamaliza kale kuti atumize zithunzi zimene anajambulitsa pa chibolibolicho, ndipo foni yake inali yodzaza. Achemwali anazimitsa simbi, napukuta manja, nakhala pa ndowa. Zithunzi zambiri nkhope inali kutali, kapena itabisika ndi chipewa, kapena ndi mutu wa mwana wa eni ake akumwetulira. Koma zina zinkaoneka bwino, ndipo achemwali anayamba kumwetulira nawo. Kenaka kumwetulirako kunazilala.

"Bwerera kumbuyo, mwanangu. Apa chipsera chili kumanja. Nanga apa chili kumanzere bwanji?"

Mtsikanayo anafotokoza kuti munthu akadzijambula yekha, mafoni ena amatembenuza chithunzi ngati galasi, ena satembenuza. Tinamufunsa kuti ndiye zoona ndi ziti. Anayang'ana, nasuntha chala uku ndi uku, nati pokhapokha patakhala zolemba kumbuyo ndiye angadziwe, koma pa zithunzi zooneka bwinozo kumbuyo kunali mitambo yokha. Analonjeza kuti afufuza zina.

Atachoka, tinakhala awiri, makina akuzungulira. Achemwali anandiyang'ana.

"Iwe unkawaona tsiku ndi tsiku. Chinali mbali iti?"

Ndinafuna kuyankha msanga monga mwa chizolowezi changa. Ndinatseka maso. Ndinaona bokosi, khonde, nsapato ali kusoka, ndinamva ngakhale kuseka kwawo, koma pa nkhope panali posalala.

"Kumanzere," ndinatero. "Kapena... inu mukuti kuti, achemwali? Si inu munkapukuta?"

"Ndinkapukuta ndi dzanja ili," anatero, akukweza lamanja. Analiyendetsa m'malere, pang'onopang'ono, monga ankachitira m'mawa uliwonse, kuyambira pa mphumi kutsikira pa tsaya. Linaima pena, linabwerera, linaimanso pena. Kenaka analitsitsa n'kudzigwira pa nsidze yawo, iyi, kenaka inayo.

Lolemba titatsika minibasi ndinalunjika ku geti lalikulu osaganiza. Nditacheuka, achemwali anali ataima pa mphambano, kansalu kali m'manja, akundifunsa ngati geti laling'ono la ku khitchini limakhala lotsegula nthawi imeneyo.